Funsani Amalume a Thuthuthu: Buleki Yakutsogolo, Ulendo wa ku Lusaka ndi Mchenga wa ku Malambo

Mwezi uno makalata atuluka ngati ngumbi za mvula yoyamba, ndipo ambiri akufunsa zimene anamva pa renki. Renki sindiinyoza ayi. Anyamata a pa Kapata ndimacheza nawo, timagawana chimanga chowotcha, ndipo ena mwa iwo angathe kumasula injini atatsinzina. Koma nzeru zina zoyenda pakamwa kumeneko zinandidyetsapo dothi ineyo, masiku amene ndinali mlangizi wa zaulimi, ndikuzungulira midzi ya ku Chadiza ndi ku Vubwi pa Yamaha AG200 ya kuntchito. Mpaka lero bondo langa lakumanzere ndilo limayamba kudziwa kuti mvula ili pafupi.

*Amalume, ndagula Boxer 150 nditagulitsa soya ndi nshawa. Anzanga akuti ndisamagwire buleki yakutsogolo chifukwa imagwetsa, moti ena anachita kumasula waya wake. Kodi n'zoona? Mlimi wachinyamata, Chipangali.*

Mwana wanga, ukawauze abwezeretse waya umenewo lero lomwe, nsima isanapse.

Ukamaima, kulemera konse kumathamangira kutsogolo: iweyo, njinga, ndi thumba la feteleza lili pakaliyala. N'chifukwa chake umaona mafoloko akutitimira. Tayala lakutsogolo limatsamira pansi n'kugwira msewu zolimba, pamene lakumbuyo limapepuka, ndipo tayala lopepuka silichedwa kukhukhuluzika. Pa tala wouma, pafupifupi magawo 7 pa 10 a mphamvu yoimitsa njinga amachokera kutsogolo. Ndiye munthu wamasula waya uja watsala ndi magawo atatu okha, n'kumayembekezera kuti aima nawo tsiku limene mbuzi idzadumphire mumsewu wa ku Lundazi.

Anzakowo sakunama kuti anagwapo. Anagwadi. Koma ukawafunse bwino mmene anagwera. Upeza kuti anaitswanya kamodzi n'kamodzi atadzidzimuka, kapena anaigwira ali mkati mokhota pa msewu wa miyala. Buleki yakutsogolo siigwidwa ngati wakuba. Imafinyidwa ngati mmene umakamira ng'ombe: uyambe mofewa kuti tayala liyambe latsamira pansi, kenaka uwonjezere mphamvu, phazi nalo likuponda yakumbuyo, njinga ili chilili.

Inenso mabodza amenewa ndinawakhulupirira zaka zingapo. Tsiku lina ndikutsetsereka kamtunda kena ku Chadiza, ngolo ya ng'ombe inatulukira m'kanjira ka kudimba itasenza tomato. Ndinaponda yakumbuyo ndi mphamvu zanga zonse, dzanja lamanja osakhudza kanthu. Tayala linauma, njinga inatembenuka chammbali ngati nkhanu, ndipo tinakagona pansi pa ngoloyo, ine, njinga ndi mabuku a alimi. Mnyamata woyendetsa ngolo ankangoti "pepani abwana, pepani abwana", koma wolakwa sanali iye. Makaniko wachikulire amene anawongola hendulo yanga anangogwira buleki yakutsogolo, n'kuona kuti nsapato zake zikadali zatsopano ngati zogula dzulo, n'kundifunsa kuti, "Kodi iyi mukusungira ndani?"

Chita izi Lamlungu masana. Peza msewu wowongoka wopanda magalimoto, uike mwala m'mbali. Bwera pa liwiro la 30, ukafika pamwalapo uime ndi yakumbuyo yokha, ulembe mzere pamene waimira. Bwereranso, uime ndi zonse ziwiri. Uwerenge mapazi pakati pa mizere iwiriyo, ukawaonetse anzakowo. Uchite kangapo konse mpaka dzanja lizolowere lokha, chifukwa tsiku la mbuzi mutu sukhala ndi nthawi yoganiza. Pamchenga, pamatope ndi pamiyala yoyalidwa kumene, apo pokha yakutsogolo uziikhudza pang'ono kwambiri, ndipo liwiro uzilichepetsa usanalowe pokhota, osati uli kale mkati.

China: Boxer yakoyo yaposa 125cc, ndiye ukapita ku RTSA, ofesi yopereka malaisensi, laisensi yake ndi ya kalasi A. Ya A1 imathera pa 125cc.

*Amalume, tchuthi chikubwerachi ndikufuna kupita ku Lusaka pa TVS HLX 125 yanga kukaona mlongo wanga ku Mtendere. Ena akuti injini ikapsa ndisanafike ku Petauke. Ena akuti ndikafika, bola m'mapiri a ku Luangwa ndizizimitsa injini potsika kuti ndisunge petulo. Mundithandize. Mphunzitsi, Mchini, Chipata.*

Aphunzitsi, mukafika. Kanjinga kameneka kamanyamula anthu ndi matumba tsiku lonse m'tauni muno padzuwa la Okutobala, ndiye msewu wotseguka, mphepo ikuomba injini, si umene ungakaphe. Chimene chimapha injini yaing'ono ndi kukoka moto mpaka kumapeto kwa maola ambiri, chifukwa choona msewu uli see. Muziyenda pakati pa 65 ndi 75. Mukamva hendulo ikunjenjemera mpaka zala kuchita dzanzi, ndiye kuti mwapyola.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti ndinu a masamu. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Mukaphatikiza mahampu a m'matauni, mapiri, malo ofufuzira apolisi ndi kupuma, pa ola simupitirira makilomita 50 kapena 55. Amenewo ndi maola 11, mwina 12. Tsiku limodzi n'zotheka, ndinachitapo, koma pofika ku Chongwe ndinkaona anthu awiriawiri, ndipo masiku awiri otsatira ndinkadya nsima chiimirire. Poti ndi ulendo wanu woyamba, ugaweni pawiri. Mugone ku Nyimba kapena pa Luangwa Bridge, mapiriwo mukawakwere m'mawa muli ndi mphamvu.

Nyamukani kukungocha. Popita ku Lusaka mumalowera kumadzulo, ndiye m'mawa dzuwa limakhala kumsana kwanu, koma ikangokwana 4 koloko madzulo limakulasani m'maso mpaka simuona ngakhale dzenje. Pobwerera zimatembenuka. Dziwaninso kuti dzuwa likakhala kumsana kwanu, ndiye kuti lili m'maso mwa amene akubwera kutsogolo kwanu, choncho nyali ikhale yoyaka usana wonse. Ndikudziwa kuti pa renki amati nyali imadya petulo. Babu la mawati 35 silingamwe petulo woti mungamuone m'thumba, koma limachititsa dalaivala wa basi amene akupitirira thiraki kuzindikira kuti kutsogoloko kuli munthu.

Kuchokera kuno kudutsa Katete, Sinda, mphambano ya ku Petauke mpaka ku Nyimba, msewu ndi wabwino ndipo malo othira petulo alipo. Ku Nyimba dzazani thanki mpaka pakamwa, ngakhale muone ngati ikadali ndi wambiri, mugulenso nthochi. Kuchoka apo msewu umayamba kupindika, kudutsa ku Kacholola, n'kutsikira kumtsinje. Mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968, umalenjekeka pa zingwe zachitsulo, ndipo pali asilikali, choncho foni yojambulira isiyeni m'thumba. Mukawoloka mupeza msika wa nsomba zouma ndi madengu. Pamenepo pumani, imwani madzi, injini izizire, chifukwa m'chigwamo mumatentha koposa kuno. Kuchoka pamlatho kukafika ku Lusaka kwatsala makilomita pafupifupi 230, ndipo gawo loyamba lake, la ku Manenekela mpaka ku Rufunsa, ndilo lovuta paulendo wonse.

Tsopano za kuzimitsa injini potsika. Amene anakuuzaniyo musadzamubwereke njinga. Njinga ikamatsika ili m'giya, injini imaigwira kuti isathawe. Mukazimitsa n'kuika pa fulii, ntchito yonse imatsalira mabuleki, ndipo mabuleki a dilamu akatentha amafooka: mumaponda, phazi likufika pansi, njinga ikungopita. Komanso pampu ya oyilo imayenda ndi injini, ndiye injini ikazima magiya amazungulira opanda oyilo wokwanira. Petulo amene mungasunge pamapiri onsewo sangadzaze ngakhale kapu ya tiyi. Lamulo langa ndi lakale: giya imene mungakwerere phiri ndi yomweyo yotsikira.

Mabasi akuluakulu a ku Lusaka ndiwo mafumu a msewu umenewu. Galasi likhale bwenzi lanu. Mukaona basi ikubwera kumbuyo, chepetsani liwiro, mupatuke pamene pali malo abwino, idutse. Musamangoyenda m'mphepete mwenimweni mwa tala nthawi zonse, chifukwa mukatero madalaivala amayesa kuti mwawapatsa njira ndipo amakupanikizani. Thiraki ikamadutsana nanu, gwirani thanki ndi mawondo, mphepo yake imakankha. Mukaona nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu, kutsogoloko kwafa galimoto. Usiku musayende n'komwe. Njinga zamakala zilibe nyali, ng'ombe zakuda zimagona pa tala chifukwa ndi wofunda, ndipo nyali ya HLX siifika patali.

Musananyamuke sinthani oyilo, mangani tcheni, onani masipoko. M'chikwama mukhale machubu awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo, pampu, zigamba ndi solushoni, zitsulo zochotsera tayala, pulagi, waya wa kilachi, kachidutswa kolumikizira tcheni, masipanala 10, 12, 14 ndi yomasulira wilo, pulayala, ndi malegeni ambiri. Koma zida zopanda luso ndi katundu chabe. Yesani kuchotsa wilo lakumbuyo pakhomo panu kamodzi, mkazi wanu akukusekani, kusiyana n'kukaphunzirira ku Kacholola dzuwa likulowa. Mapepala onse, laisensi, white book (chikalata cha umwini wa njinga), inshuwalansi ndi road tax, akhale m'pulasitiki m'thumba lamkati. Ngati ndi tchuthi cha Ogasiti, m'mawa kumazizira, ndipo pa njinga kuzizira kumawirikiza. Nyuzipepala yakale yopinda pachifuwa, mkati mwa jekete, imatchinga mphepo kuposa juzi.

Mlongo wanuyo mumutengere nshawa. Za ku Lusaka n'zodula.

*Amalume, amuna anga amandinyamula pa honda popita ku Saturday Market kukagulitsa. Chisoti chilipo chimodzi, amavala iwo. Akuti ine ndili kumbuyo palibe vuto, ndiponso ine chimandiwonongera maluko. Mwana wathu wa zaka zitatu amakhala pathanki. Tikulakwa? Mayi wa ku Nabvutika.*

Amayi, zikomo polemba, chifukwa amayi ambiri nkhani imeneyi amangoisunga mumtima.

Njinga ikagunda chinthu, woyendetsa amakhala atagwira hendulo ndipo ngoziyo waiona ikubwera. Wakumbuyo sagwira kanthu, saona kanthu, ndiye amene amaponyedwa kutali. Lamulo la dziko lino likuti chisoti avale onse awiri, woyendetsa ndi wokwera. Bambowo muwauze mwaulemu kuti Amalume akuti phindu la tomato la milungu iwiri lipite ku chisoti chanu.

Pogula musanyengedwe ndi utoto. Chimene chimapulumutsa mutu si chigoba chakunja chonyezimiracho, koma chinkhupule cholimba choyera chimene chili mkati, chofanana ndi chija amakutira wailesi yatsopano m'katoni. Mukagwa chimaphwanyika m'malo mwa mutu wanu. Lowetsani dzanja pansi pa nsalu, muchimve: chikhale chochindikala ngati zala ziwiri. Mukapeza kansalu kokha ndi pulasitiki, chimenecho ndi chipewa cha dzuwa. Yang'anani chizindikiro cha ECE 22.05 kapena 22.06 chosokedwa pa lamba, kapena DOT kumbuyo, ngakhale zomata zabodza ziliponso, n'chifukwa chake ndikuti dzanja lanu liweruze. Chinkhupulecho chimagwira ntchito kamodzi kokha. Chisoti chimene chinamenyekapo pangozi, ngakhale kunja chikuoneka bwino, chatha ntchito, choncho za pa salaula muzisamala nazo. Zisoti za anthu omanga nyumba zija si za panjinga.

Chikhale chokuthinani pang'ono m'masaya. Mukapukusa mutu chisagwedere. Ndipo lamba amangidwe, pansi pa chibwano pangolowa zala ziwiri. Ndimaona anthu ambiri pa Umodzi Highway atachitsamiritsa pamwamba pa mutu ngati mtanda wa nsima, lamba akuuluka. Chotere chimafika pansi mwini wake asanafike.

Za maluko ndilibe mphamvu zambiri, mayi a kunyumba kwanga anandigonjetsa kale pankhani za tsitsi. Iwo amamanga kaduku kopyapyala koterera, maluko n'kuwagonetsa kumbuyo kwa khosi, chisoti pamwamba. Tsiku limene aluka zoimirira amakwera takisi.

Pali zina zitatu zimene simunafunse. Chitenje chanu chizikhala chopindidwa bwino pansi pa ntchafu, chifukwa nsonga yake ikalowa m'masipoko kapena m'tcheni imakukokerani pansi nthawi yomweyo. Ndipo potsika muzitsikira kumanzere. Kumanja kuli ekizozi, ndipo zipsera zozungulira zimene mumaziona pa akatumba a atsikana ambiri m'tauni muno zinachokera pamenepo. Kukhala chammbali, miyendo yonse mbali imodzi, ndikudziwa kuti ndi ulemu, koma pa bampu yoyamba mulibe chokugwirani. Valani buluku mkati mwa chitenje mukhale motangadza.

Mwanayo pathanki ayi. Bambo akagwira buleki mwadzidzidzi, chifuwa chawo chimamukanikizira ku hendulo, ndipo ana amagona msanga injini ikamalira. Mwana amene mapazi ake safika popondera sanafike pokwera njinga yamoto. Ndikudziwa kuti ya takisi siipezeka tsiku lililonse, koma masiku a msika ndi bwino atsale ndi ambuye ake.

*Amalume, oyilo wa njinga wakwera mtengo. Mlamu wanga ali ndi minibasi, amati ndizithira wotsala wake. Oyilo ndi oyilo, si choncho? Wa kabaza, Katete.*

Si choncho, mnzanga. M'galimoto kilachi imakhala pouma payokha. M'njinga yako injini, magiya ndi kilachi zimasamba oyilo mmodzi. Oyilo wambiri wa magalimoto ang'onoang'ono amathiramo mankhwala oterera kwambiri, ndipo kilachi ikawamwa imayamba kuterereka: injini ikulira, njinga osathamanga, makamaka pokwera mtunda ndi kasitomala wonenepa. Yang'ana kumbuyo kwa botolo mawu akuti JASO MA kapena MA2, ndipo 20W-50 amagwirizana ndi kutentha kwa kuno. Injini yako imangomwa pafupifupi lita imodzi. Oyilo wochepa chonchi amatopa msanga, ndiye pa ntchito yako ya fumbi ndi kuimaima usapitirire makilomita 2,000. Wogula wopimidwa m'mabotolo a madzi akumwa sudziwa kuti anachokera m'chiyani. Ndipo ngati "wotsala" wa mlamu wakoyo ndi wokhetsedwa m'minibasi, ukapake pa mitengo ya khola kuti chiswe chisadye.

Posintha oyilo tsegulanso sefa ya mpweya. Fumbi la ku Katete mu Seputembala limadya mapisitoni kuposa china chilichonse.

*Amalume, ndife anyamata asanu, tili ndi gulu lathu lokwera njinga Loweruka lililonse. Tafika kale ku Chadiza ndi ku Mwami. Tsopano tikufuna ku Mfuwe kukaona nyama, pobwerera tidzere njira yakale ya ku Petauke. Mutilangize. Wapampando wa gulu, Kalongwezi.*

Apampando, kalata yanu yandikumbutsa unyamata. Kupita ku Mfuwe masiku ano ndi masewera: makilomita osapitirira 130, tala yekhayekha, kudzera kwa Jumbe. Ife tinkauyenda uli wafumbi ndi mabampu ang'onoang'ono ngati malata, pofika mano onse ali gwedegwede. Chimene mudzamve ndi kutentha. Chipata ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, Mfuwe ili pafupifupi theka la pamenepo, ndipo potsika mumachita kumva mpweya ukusintha ngati mwatsegula uvuni. Mu Okutobala ku Malambo, kuchigwa kumene kuli Mfuweko, kumapyola madigiri 40. Pitani pakati pa Juni ndi Ogasiti.

M'paki ya South Luangwa simulowa ndi njinga. Mukazisiya kumalo ogona, n'kukwera galimoto za oonetsa nyama. Koma nyama sizidziwa malire. Njovu zimawoloka Luangwa kubwera kumidzi, makamaka madzulo ndi mbandakucha, ndipo nyengo ya mango zimachita kukhazikika. Mukaziona pamsewu imani patali, mutembenuziretu njinga kuyang'ana kumene mwachokera, musaimbe hutala, mudikire. Anthu a kumeneko akaima ndi njinga zawo zakapalasa, inunso imani. Iwo ndiwo amadziwa. Ndowe zikakhala zikufuka nthunzi pamsewu, eni ake sali patali.

Njira yakale ya ku Petauke ndi nkhani ina. Imatsata chigwa kulowera kumwera, kudutsa m'nkhalango ya mitsanya, m'mitsinje youma ndi m'mapiri amiyala, ndipo malo ogulitsa petulo kapena makaniko musawayembekezere. Nthawi ya mvula musayese n'komwe. Dothi lakuda la m'chigwa likanyowa limamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka wilo kuleka kuzungulira, ndipo likauma limasunga mapazi a njovu ngati miphika yokwiriridwa. M'chilimwe ndi ulendo wokoma wa tsiku lathunthu. Aliyense anyamule madzi malita osachepera atatu ndi petulo wapadera m'kachigubu. Kashembe amakonda zovala zakuda ndi zabuluu, amatsatanso chinthu choyenda, ndiye mukangoima amakupezani. Valani zotuwa zamanja aatali.

Mchenga ndiwo udzakugwetseni, nonse asanu, ndipo musachite nazo manyazi. Akulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo panjinga mawuwa ndi oona ndithu: giya yoyenera, yachiwiri, muisankhe musanalowe, moto ukhale umodzimodzi mpaka mutatuluka. Thupi likhale chakumbuyo kuti wilo lakutsogolo lipepuke, manja ofewa, maso patsidya pamene mukufuna kukafika. Hendulo idzavina yokha, isiyeni ivine. Mantha amakuuzani kuti mutseke moto, koma mukatseka, wilo lakutsogolo limazama n'kukupindani. Apa ndi pamene buleki yakutsogolo, imene ndaitamanda pamwambapa, muyenera kuiiwala. Kuphwetsa matayala pang'ono kumathandiza, koma osapyola, chifukwa tayala la chubu likafewa kwambiri limatsetsereka pa limu n'kudula valavu. Mukafika pamiyala pompaninso.

Poyenda pagulu musaunjikane ngati nkhuku. Pa fumbi siyanani mpata woti muziona pansi. Wodziwa njira atsogole, wodziwa kukonza ndi amene ali ndi zida akhale kumapeto, ndipo pa mphambano iliyonse munthu adikire mpaka aone nyali ya amene akumutsatira. Mukafika pamudzi chepetsani liwiro, mupereke moni, mufunse za njira. Munthu wa pamudzi akakuuzani kuti "ndi pafupi", muwonjezere ola.

*Amalume, ine ndine Mubemba wa ku Lusaka, Chinyanja ndinaphunzirira kwa mkazi wanga. Ndili ndi Honda Africa Twin. Ndikufuna kubwera ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala, kenaka ndipitirire kunyanja ku Malawi. Kodi kwanuko kuli misewu, kapena ndi njira za mbewa zokhazokha? Mbuya wanu, Woodlands.*

Ambuya, bwerani, misewu ilipo, mitengo yokha yoti muzilumphamo ndi imene yachepa. Mlamu wathuyo wagwira ntchito, kalata yanu ndaimva yonse.

Nc'wala imachitika Loweruka lomaliza la Febuluwale ku Mtenguleni, m'mbali mwa msewu womwewo musanafike ku Chipata. Pamenepo mvula ili pakati. Chinjinga chanucho chimalemera makilogalamu oposa 200, ndipo poimika magalimoto pamakhala matope opondedwa ndi anthu zikwizikwi. Chikagona pamenepo mudzafuna impi yonse kuti ichidzutse. Chisiyeni kumene mwagona m'tauni, kapena muchiimike pouma pafupi ndi tala, pansi pa sitandi muike kathabwa. Malo ogona sungitsiranitu, mlungu umenewo Chipata imadzaza. Masiku amene Nkosi yama Nkosi Mpezeni akuchoka ku Ephendukeni kupita ku Mtenguleni, msewu umakhala wa anthu, a zikopa ndi nthungo, ndiye musabwere ndi changu cha ku Cairo Road. Madzulo a tsiku la mwambo musayende, oledzera amachuluka pamsewu.

Zida za njinga yanu ku Down Shops simuzipeza. Kumeneko ndi kwa Boxer, TVS ndi tinjinga ta ku China. Machubu a saizi yanu, zomangira tcheni ndi mapadi a buleki mubwere nazo.

Kuchipata cha Mwami ndi pafupi, theka la ola kuchokera m'tauni. Kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a Zambia ndi a Malawi ali pamalo amodzi, ndiye simuimanso kawiri ngati kale. Tengani pasipoti, laisensi, white book ya dzina lanu, kapena kalata ya mwini wake ngati njinga si yanu, ndi kalata ya apolisi yosonyeza kuti si yakuba. Imeneyi mukonzeretu ku Lusaka. A kasitomu a mbali yathu adzalemba kuti njinga yatuluka kwa kanthawi, a ku Malawi adzakupatsani chilolezo cholowera nayo kwa kanthawi, ndipo mapepala awiriwa muwasunge ngati ndalama, adzawafuna pobwerera. Inshuwalansi yanu ya kuno siigwira ntchito kutsidya pokhapokha mutagula COMESA Yellow Card kukampani yanu musananyamuke. Ku Malawi imagwira, koma mukadzafuna kulowa ku Mozambique kudzera ku Chanida, kumeneko siigwira, mudzagula ina pachipata.

Dzazani thanki ku Chipata. Zaka zapitazi ku Malawi petulo wakhala akusowa nthawi zina, mizere n'kutalika. Kuchokera ku Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa pang'ono 100, ndipo kuchoka apo kutsikira ku Salima mpaka ku Senga Bay ndi ena otero. Amayendera kumanzere ngati ife, koma pa malo a malonda tsikani pa 50, apolisi akumeneko makamera amawadziwa kugwiritsa ntchito, ndipo njinga zakapalasa n'zambiri kuposa kuno. Chinyanja chanucho chikakuthandizani, kungoti "manje" mumusiye pa Mwami, kutsidyako muziti "tsopano".

Pobwera, mukadutsa Sinda, mukaona ana atakweza timitengo m'mbali mwa msewu, musaime, mu Febuluwale mbewa zabwino kulibe. Nyengo yake ndi pambuyo pokolola. Mudzabwerenso mu Ogasiti ku Kulamba, ku Mkaika, ndidzakusungirani kapuku wonona, wothira mchere ndi tsabola. Chisoti mudzavule podya.